Kasikuluu ka mamilimita 3 kataimitsa pulinta yanga ya 3D

Ngati mumakonda kucheza pa TikTok kapena Facebook, mwina munaonapo kamakina kokhala patebulo kakuumba chinthu pang'onopang'ono, mzere pamwamba pa mzere unzake, mpaka patuluke choimikira foni, kachidole kapena dzina la munthu loika pa keke. Imeneyo ndi pulinta ya 3D, ndipo achinyamata ena kuno kwathu ayamba kupezerapo ya ndiwo. Ine ndi mmodzi mwa iwo. Koma mavidiyo aja saonetsa tsiku limene makinawo aima, m'dziko limene simungangolowa m'sitolo iliyonse n'kupempha sipeya wake.

Aliyense wofuna kugula makinawa amandifunsa funso limodzimodzi: "Nanga ikawonongeka, sipeya umamutenga kuti?" Yankho langa ndi lakuti mbali yaikulu ya pulinta yotere ndi zitsulo wamba, zokhala ndi dzina ndi muyeso wake. Mukadziwa dzina ndi muyeso wa kachipangizo kamene kasowa, kawirikawiri mumakapeza kapena kukapanga pafupi ndi kwanu komweko. Zimenezi ndinaziona ndi maso pa sabata ina imene ndalama za eni ake zinali kale m'manja mwanga.

Mmene ulusi umayendera

Pulinta zotchipa zapatebulo zimagwiritsa ntchito ulusi wa pulasitiki wokulungidwa pa chiguduli, umene pa malonda amautcha filament. Ulusi wofala kwambiri ndi wonenepa mamilimita 1.75, ndipo ambiri timayamba ndi mtundu wa PLA, umene amaupanga kuchokera ku zomera monga chimanga ndi nzimbe. Umenewu umasungunuka bwino pa madigiri apakati pa 190 ndi 220, n'kutulukira pa kamlomo kotchedwa nozzle, kamene kabowo kake kamakhala ka mamilimita 0.4 pa makina ambiri.

Ulusiwo sudziyendera wokha. Pali chigawo chotchedwa extruder chimene ntchito yake ndi kuukankha. Mukachiyang'ana bwino mupeza zinthu zochepa chabe: mota, kagiya ka mano kokhala pa shafiti ya motayo, kagudumu kosalala koyang'anizana ndi kagiyako, ndi kamkono kokhala ndi sipuling'i kamene kamapanikiza ulusi pakati pa ziwirizi. Mota ikazungulira, mano a kagiya amaluma ulusi n'kuukankhira kumoto.

Mota zambiri za pamenepa ndi za mtundu wa NEMA 17, ndipo shafiti yake ndi ya mamilimita 5, yosadzidwa mbali imodzi kuti pakhale pafulati. Chimene chimagwirizitsa kagiya ku shafiti ndi kasikuluu kopanda mutu, kolowa m'mbali mwa kagiyako n'kukaponda pafulati paja. Pa Chingerezi amakatcha grub screw kapena set screw. Kukula kwake n'kocheperako kuyerekeza ndi njere ya mpunga wa Kilombero. Kakachoka kameneka, mota imangozungulira yokha, kagiya kali phee.

Lachiwiri usiku

Komiti ya ukwati wina inandipatsa oda ya tokolekera makiyi 120, tokhala ndi mayina a mkwati ndi mkwatibwi, togawira alendo. Theka la ndalama anapereka kale, ndipo ine ndinali nditagulira ulusi woyera ndi wagolide. Ukwati unali Loweruka, katundu ankamufuna Lachisanu madzulo. Kamodzi kankatenga mphindi pafupifupi 25, kutanthauza kuti ntchito yonse inali ya maola 50.

Pofika Lachiwiri usiku ndinali nditapanga 46. Kenako ndinaona mutu wa pulinta ukuyenda bwinobwino uku ndi uku, koma m'mwamba, osasiya kalikonse. Totsala tinali 74, maola oposa 30 a ntchito, makina ali gwa.

Munthu akaona zotere amathamangira kunena kuti nozzle yatseka. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho, koma musanamasule chilichonse pali njira yosiyanitsira. Nozzle ikatseka, extruder imalira kuti tu, tu, tu, ndipo pansi pa kagiya pamagwa tizinyenyeswa ta pulasitiki chifukwa mano akungopala ulusi umene ukukana kuyenda. Yanga inali zii, popanda kanyenyeswa ngakhale kamodzi.

Ndinatenthetsa nozzle mpaka madigiri 200, n'kufinya kamkono kaja kuti ulusi umasuke, kenako ndinaukankha ndi dzanja. Pulasitiki inatuluka bwinobwino. Choncho njira inali yotseguka. Kenako ndinalemba kamzere ndi cholembera pamwamba pa shafiti kudutsa mpaka pa kagiya, n'kulamula makina kuti akankhe ulusi. Mzere wa pa shafiti unazungulira, wa pa kagiya unatsala pomwepo. Nditawalitsa tochi ya foni m'mbali mwa kagiya ndinapeza kabowo kali kukamwa yasa.

Kasikuluu kotere kamamasuka pang'onopang'ono. Makina amanjenjemera kwa maola ambiri, komanso mota ya extruder siyenda chopita kutsogolo kokha: nthawi iliyonse imene mutu ukudumpha kuchoka pena kupita pena, imakoka ulusi chobwerera pang'ono kuti usadonthe. Pa ntchito ya zilembo ngati yangayi, kupita ndi kubwerera kumeneku kumachitika kosawerengeka.

Ndinasesa chipinda chonse. Ndinatenga maginito a sipika yakale, n'kuwakulunga mu jumbo kuti zinyalala za chitsulo zisakakamire, n'kuwayendetsa pansi ndi m'ming'alu ya simenti. Anatola mapini awiri ndi singano ya mlongo wanga imene inasowa chaka chatha. Kasikuluu ayi ndithu.

Nzeru zitatu zimene ndinakana

M'mawa mwake ndinauza anzanga a pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo nzeru zinabwera zambiri.

Woyamba anati: "Aise, ingothira supagulu basi, nkhani yatha." Guluu angagwire maola angapo, koma mota ya extruder imatentha ikagwira ntchito nthawi yaitali, ndipo mphamvu yokankhira ulusi si yamasewera. Komanso kagiya kambiri ndi ka chitsulo chachikasu chija chofewa, mano ake amatha. Tsiku lofuna kukasintha, mupeza mwakamatirira ku mota, mwinanso mokhota.

Wachiwiri anati ndibwereke kasikuluu pa magudumu oyendetsa malamba a pulinta yomweyo, popeza ambiri amakhala ndi tiwiri. Nzeruyi imagwira ntchito ukapanikizika, bola tikhale ta saizi imodzi, pakuti tina timakhala tokulirapo. Koma gudumu losiyidwa ndi kamodzi likaterereka usiku, zilembo zonse zimasunthira mbali imodzi ndipo ulusi wonse umene wapita pamenepo ndi wotaya. Ulusi wagolide ndinali nawo wongokwanira ndendende.

Wachitatu ananditumizira chithunzi cha paketi ya tisikuluu timeneti pa intaneti, totchipa kwabasi. Kuitanitsa kuchokera ku China ndi nkhani ya masabata, ndipo kutumiza mwachangu kuchokera ku South Africa kukanadya phindu lonse la odayo. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Lachisanu silikanadikira ndege.

Mavitamini

Chimene chinandilimbitsa mtima ndi mbiri ya makinawa. Njira yosungunula ulusi n'kumaumba mzere pamwamba pa mzere anaitulukira Scott Crump wa ku America, amene analembetsa umwini wake mu 1989 n'kuyambitsa kampani ya Stratasys. Kwa zaka zambiri makina otere anali a makampani akuluakulu okha. Mu 2005, Adrian Bowyer, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Bath ku England, anayambitsa ntchito yotchedwa RepRap. Cholinga chake chinali pulinta yotha kupanga zina mwa zipangizo zake zomwe, ndipo mapulani ake anawaika poyera kuti aliyense atengere mwaulere. Umwini wa Crump utatha mu 2009, mitengo inayamba kutsika. Pulinta zambiri zotchipa zimene tikugula lero zinatengera mapangidwe a m'banja limeneli, makamaka Prusa i3 imene Josef Průša wa ku Prague anatulutsa mu 2012.

Anthu a RepRap anali ndi dzina la zipangizo zimene pulinta singathe kudzipangira, monga mota, mabawuti, manati ndi masipuling'i. Ankazitcha mavitamini, zinthu zimene thupi limafuna koma liyenera kuzipeza kunja. Ndipo dala ankasankha mavitamini opezeka paliponse. N'chifukwa chake mpaka lero masikuluu ambiri a pa makinawa ndi a miyeso yodziwika padziko lonse: M3, M4 ndi M5. Nambalayo ikutanthauza kunenepa kwa sikuluu m'mamilimita. M3 ndi ya mamilimita 3, ndipo kuchoka pa zinga limodzi kufika pa linzake pali theka la milimita.

Choncho funso silinali lakuti ndani amagulitsa sipeya wa pulinta ya 3D mu Blantyre muno. Funso linali lakuti ndani ali ndi sikuluu ya M3 ndi sowo.

Pa benchi ya wokonza mawailesi

Ndinazula kagiya kaja, n'kukamanga m'kapepala, ulendo wa kumsika wa Ndirande. Mukamapita kokasaka kachipangizo, nyamulani chinthu chimene kakalowemo. Chithunzi cha pa foni sichiuza munthu saizi.

M'masitolo awiri a hadiweya munalibe. Tisikuluu topanda mutu timene anali nato tinali ta zogwirira zitseko, tikulutikulu. Mnyamata wa m'sitolo yachiwiri ndiye anandilozera kwa bambo wina wachikulire wokonza mawailesi ndi mawayilesi a kanema.

"Madala, ndili pa vuto," ndinatero nditapereka moni. "Ndikufuna kasikuluu kopanda mutu kolowa apa."

Anakatembenuza kagiyako pafupi ndi magalasi awo. "Kameneka n'kachiyani, achimwene? Ka makina osokera?"

"Ayi, ka pulinta. Koma yosindikiza zinthu za pulasitiki, osati mapepala."

Anangondiyang'ana, kenako anakhuthulira chitini cha masikuluu pa nyuzipepala. Yoyamba imene anayesa inakana itangolowa pang'ono, ndipo anaibweza msanga. "Iyi ndi ya chikesi cha kompyuta. Imaoneka ngati yomweyo koma si yomweyo."

Ananena zoona. M'makompyuta apatebulo muli mitundu iwiri ya masikuluu yofanana maonekedwe. Omangira chikesi ndi ma hard disk akuluakulu ndi a muyeso wa ku America wotchedwa 6-32, onenepa pafupifupi mamilimita 3.5 ndipo mazinga ake ndi otalikirana. Omangira DVD drive ndiwo a M3, a mazinga othithikana. Mukakakamiza ya 6-32 m'kagiya kofewa, mwapha mazinga ake, ndiye kuti vuto la kasikuluu lasanduka vuto la giya yonse. Lamulo lake ndi lakuti yesani ndi zala zokha. Ikakana kuzungulira kawiri kapena katatu mosavuta, si yake.

Yachiwiri inalowa ngati kwawo. Koma inali ndi mutu, ndipo mutuwo ukanamagunda kamkono ka extruder kagiya kakamazungulira. Pankafunika kuidula. Kuti tidziwe kutalika kwake, tinalowetsa kamtengo ka machesi kosongoledwa m'kabowo kaja n'kuyeza pa lula. Khoma la kagiya linali la mamilimita 3. Kuphatikiza ndi kampata ka pafulati pa shafiti, tinagwirizana za mamilimita atatu ndi theka.

Apa ndi pamene ndinaona luso. Kudula kachitsulo kakang'ono chonchi ndi sowo n'kosavuta, koma kamathawa m'manja ndipo mazinga ake amaphwanyika. Bambowo anatenga sikuluu ya M3 yotalikirapo, n'kulowetsa manati awiri kunsonga kwake, n'kuwamangitsa okhaokha, nsonga ya sikuluu italingana ndi nati yakunja. Anapana manatiwo pa vaisi. Ndi kasowo kakang'ono kodulira zitsulo anacheka kamzera kodutsa pa nati ndi pa nsonga ya sikuluu pamodzi, kozama pafupifupi milimita imodzi. Nati ija inathandiza kuti sowo isaterereke, ndipo kamzerako kanali malo olowetsa sikuludiraiva.

Kenako anadula mbali ya kumutu, chakumbuyo kwa nati yachiwiri. Manati awiri a M3 ndi okhuthala pafupifupi mamilimita 5, choncho anapala mbali yodulidwayo ndi tupa, nati ndi sikuluu pamodzi, mpaka kufika pa muyeso wathu. Pomasula manatiwo, mazinga amene sowo inapinda anawongoka okha.

"Ndikupangirani titatu," anatero. "Kanthu kothawa kamodzi kamathawanso."

Kubwezeretsa

Ndinafika kunyumba cha m'ma 1 koloko masana. Kumanga kwake kuli ndi ndondomeko, ndipo aliyense amene angakumane ndi vuto lotere aitsate.

Ulusi muuchotse nozzle ikadali yotentha, kenako zimitsani makina, zulani pulagi ndi kudikira kuti azizire. Madigiri 200 amawotcha chala kwambiri. Yalani thaulo pansi pa pamene mukugwirira ntchito, chifukwa kachitsulo kakagwera pa simenti kamadumpha, koma pa thaulo kamakhala pomwepo. Musanamasule kamkono jambulani ndi foni, ndipo sipuling'i muigwire ndi chala, imauluka.

Tsukani mano a kagiya ndi mswachi wakale. Zungulizani shafiti mpaka pafulati payang'ane kwa inu, n'kuveka kagiya kabowo kake katalunjika pafulatipo. Kamene madala aja anapanga n'kosalala kunsonga, pamene kogula kamakhala ndi kamphepete kakuthwa koluma shafiti. Ndiye kopanga nokha kakaponda pobulungira, katerereka tsiku lomwelo.

Musanamange, onani kutalika kwa pamene kagiya kakhala. Lowetsani kachidutswa ka ulusi m'njira yake n'kukweza kapena kutsitsa kagiya mpaka ulusiwo udutse pakati penipeni pa mano. Kakakwera kwambiri kapena kutsika, mano amaluma ulusi cham'mphepete ndipo umathawira pambali.

Pa mazinga pamafunika mankhwala oletsa kumasuka. Amene amakanika amagwiritsa ntchito ndi abuluu aja, monga Loctite 243, amene amalola kudzamasulanso. Ofiira ndi ogwira kolimba, osayenera pa kanthu kakang'ono chonchi. Ine ndinalibe onse awiri, ndiye ndinapempha mlongo wanga utoto wopaka zikhadabo. Kadontho kamodzi pa mazinga n'kokwanira. Si wolimba ngati mankhwala enieni, koma umaletsa kasikuluu kuyenda kokha. Mangani mpaka kagwire, osapitirira, chifukwa kamzera kocheka ndi sowo kamang'ambika mukakakamiza.

Mayeso a mamilimita 100

Kagiya kuzungulira sikutanthauza kuti ntchito yatheka. Kakhoza kumaterereka pang'onopang'ono osaoneka, zinthu n'kumatuluka zofooka, zothyoka m'manja mwa alendo. Pali mayeso osavuta amene amafuna lula ndi cholembera basi.

Tenthetsani nozzle kaye. Pulogalamu ya Marlin, imene imayendetsa pulinta zambiri zotere, nthawi zambiri imakana kukankha ulusi kutentha kusanafike madigiri 170. Yezani mamilimita 120 pa ulusi kuchokera pamene umalowera mu extruder, n'kuikapo chizindikiro. Lamulani makina kuti akankhe mamilimita 100 pang'onopang'ono. Akamaliza, chizindikiro chija chizikhala pa mamilimita 20 kuchokera polowera.

Ngati patsala 30, ndiye kuti makina akankha 90 yokha. Pa intaneti mupeza ambiri akuti zikatero musinthe nambala yotchedwa e-steps, imene imauza mota kuchuluka kwa masitepe oyenda pa milimita iliyonse. Nambalayo imasinthidwa mukaika giya ya saizi ina kapena extruder yatsopano. Ngati giya ndi yomwe ija ndipo kale inkakankha bwino, vuto lili pa chitsulo: kasikuluu sikanagwire, sipuling'i yafooka kapena kamkono kali ndi mng'alu. Bwererani pomwepo.

Yanga inasiya mamilimita 20 ndendende, kawiri konse. Cha m'ma 2 koloko pulinta inayambanso kulira. Ndinalemba kamzere katsopano pa shafiti ndi kagiya, ndipo ntchito iliyonse ikatha ndinkayang'ana ngati mizere iwiriyo idakali pamodzi. Ndinagona mochedwa masiku awiri, koma Lachisanu cha m'ma 11 m'mawa ka nambala 120 kanatuluka. Msungichuma wa komiti anawerenga kawiri, n'kupereka theka lotsala lija.

Kabokosi kamene wina aliyense akhale nako

Kwa inu amene muli ndi pulinta kapena mukusunga ndalama yogulira, pali tizinthu tingapo timene tikasowa ntchito imaima ngakhale tili totchipa. Pa oda yanu yoyamba ya ulusi muwonjezere tisikuluu topanda mutu ta M3, kagiya kapadera, sipuling'i ya extruder, ma nozzle awiri kapena atatu a 0.4, ndi Allen key ya mamilimita 1.5, imene ndiyo imamasula tisikuluu ta M3 togula. Ngati pulinta yanu ili ndi kapaipi koyera konyamula ulusi kuchoka ku extruder kupita ku nozzle, kaja ka mamilimita 4 kunja ndi 2 mkati, musungenso tizipanira tapulasitiki timene timakagwira. Timeneti mukhozanso kudzisindikizira nokha makina akadali bwino.

Lembani mayina ndi miyeso ya zonsezi m'foni mwanu. Kamodzi pa mwezi, makina atazima, yendetsani Allen key pa tisikuluu tonse ta pa magiya ndi magudumu. Dziwaninso kuti pa pulinta zina kagiya amakapanikizira ku shafiti kufakitale popanda kasikuluu, ndiye ngati pa yanu palibe kabowo, sikuti china chasowa.

Tisikuluu togula tinafika patatha masabata asanu. Kamene kanapangidwa ku Ndirande kanali kadakagwirabe, koma ndinakasintha n'kukasunga m'kabokosi pamodzi ndi tinzake tiwiri.

Nditabwerera kukathokoza ndinawatengera madala aja kokolekera makiyi kamodzi. Anakayang'ana mbali zonse, n'kukakanda ndi chikhadabo, kenako analoza pa shelefu pamene panali mawailesi anayi akale.

"Onsewa amalira bwinobwino, achimwene. Chosowa ndi tizigubu topotokolera voliyumu. Eni ake amapotokola ndi pulayazi. Makina anuwo angapange?"

Tinayeza tizitsulo topotokolerato ndi lula wawo, tonse tinali ta mamilimita 6. Sabata yotsatira ndinawabweretsera tizigubu 10, takuda, tokhala ndi kamzere koyera koloza pamene voliyumu ili. Pano akufuna ena 20, ndipo akuti mnzawo wokonza mafani nayenso ali ndi mndandanda wake.